Anandinyamula mnzanga wa ku Rumphi

Kwathu ndi kwa Katuli, kum'mawa kwa Mangochi, komwe munthu amalima ku Malawi koma nkhuni n'kukatola ku Mozambique. Nkhondo ya Frelimo ndi Renamo ife sitinaimvere pa wayilesi ayi. Tinkaona amayi atasenza mitolo, ana kumbuyo, akuoloka malire usiku kudzapempha pogona kwa abale awo. Pamene ndinkalowa usilikali, ndinali nditadziwa kale zimene mfuti imasiya pamudzi.

Posankha anyamata ankayang'ana zooneka ndi maso. Anatiyeza msinkhu ndi chifuwa, adokotala anationa maso, mano ndi mapazi, kenako anatithamangitsa. Ambiri anatsalira m'njira. Ine sizinandivute, poti mwana wa kwathu amakula akukwera zitunda. Ndinkayesa kuti usilikali ndi womwewo, miyendo ndi mpweya.

Ku Salima, kusukulu ya asilikali yomwe nthawi imeneyo inkatchedwa Kamuzu Military College, tinaguba, tinakwawa m'matope, tinaphunzira kumasula mfuti ndi kuimanganso. Zonsezo n'zofunika, koma chimene chinandipulumutsa ndi china. Anandiphatikiza ndi mnyamata wa ku Rumphi, iye Mtumbuka wa tchalitchi, ine Myao wa kumzikiti. Iye akachedwa pa pelete, chilango chinali cha tonse awiri. Jombo zanga zikapanda kuwala, nayenso ankatuluka nane thukuta. Asajeni akakupeza wekha sankafunsa kumene ukupita. Ankangoti, "Rikuluti, mnzako ali kuti?" Ukapanda yankho, tsiku lako laipa basi. Ankatinyamulitsana pamapewa mpaka mawondo kunjenjemera, n'kutibwerezetsa kumanga mwendo kumtunda kwa bala mpaka manja atazolowera okha. Mnzangayo anadziwa kuti sindidya nkhumba, ine ndinadziwa kuti iye akakhala chete ndiye kuti wasowa kwawo.

Kuyambira mu 1987 asilikali a Malawi ankalondera njanji yochoka pa Nayuchi, kudutsa Cuamba ndi Malema, mpaka kudoko la Nacala. Njanjiyo itatsekeka ndi nkhondo, feteleza ndi mafuta zinkazungulira kutali, ku Durban, ndipo mtengo wake unkagwera munthu wamba. Ife tinali m'gulu limodzi mwa amene anatumizidwa kumeneko. Ntchito yathu inali kuyenda patsogolo, maso pansi, kuona ngati dothi lafukulidwa kapena chitsulo chamasulidwa sitima isanadutse.

Tsikulo kunali m'mawa, mame asanaume. Tsekera anali wamtali mbali zonse ziwiri. Mnzathu amene anali patsogolo anaponda bomba lokwirira, ndipo nthawi yomweyo zipolopolo zinayamba kuchokera m'tchire. Dzina lake sinditchula, abale ake alipo. Ine ululu sindinaumve poyamba. Ndinafuna kudzuka, mwendo wamanzere n'kukana, ndipo nditayang'ana buluku linali lanyowa mpaka m'jombo. Makutu ankangolira. Ndinayamba kunena shahada, mawu a chikhulupiriro chathu cha Chisilamu, poti ndinaona kuti ulendo ndi womwewu.

Mnzanga wa ku Rumphi anali atafika kale pamalo obisalika. Akanakhala pomwepo palibe akanamunena. Koma anakwawa chamimba kubwerera, anavula lamba, anamanga ntchafu yanga kumtunda kwa bala n'kupotokola ndi kamtengo, monga muja tinkachitira ku Salima. Manja ake sankanjenjemera. Ankangobwereza kuti, "Achimwene, musagone. Ndiyang'aneni ine, musagone." Mawu oti achimwene anaphunzira kwa ine. Anandikoka pakolala mpaka pansi pa kamlatho ka njanji, ndipo kuwombera kutachepa anandiika pamapewa. Magazi anga anamuyenderera kumsana konse. Za m'njira ndimakumbuka zochepa: fungo la thukuta lake, ndi ludzu lomwe sindinalimvepo chibadwire.

Patapita zaka zambiri, mdzukulu wanga anandiwerengera pafoni za asilikali a dziko la Denmark otchedwa Sirius, amene amalondera kumpoto chakum'mawa kwa Greenland kuyambira mu 1950. Kumeneko kulibe msewu, ndi madzi oundana okhaokha. Amayenda awiriawiri pa ngolo yopanda mateyala yokokedwa ndi agalu oposa khumi, miyezi ingapo osakumana ndi munthu wina, ndipo amakhalako zaka ziwiri. Powasankha sayesa mphamvu zokha. Amayesanso maganizo ndi mtima wa munthu, ngati angathe kugona m'tenti imodzi ndi mnzake yemweyo osadana. Amawaphunzitsa kusoka, kusamala galu wodwala ndi kuthandiza mnzawo wovulala, chifukwa dokotala ali kutali. Kuzizira kumeneko ine sindikudziwa, koma nditamva zoti awiriawiri ndinamuuza mdzukuluyo kuti awerengenso. Amene anakonza zimenezo akudziwa chomwe asajeni athu ankadziwa.

Masiku ano ndimaona anyamata akuthamanga m'bandakucha mumsewu wopita ku Namwera, kukonzekera tsiku lolemba asilikali. Ena amabwera kudzandifunsa kuti, "Agogo, tichite bwanji kuti atitenge?" Ndimawauza kuti athamange ndithu, koma athamange awiri, ndipo wina akatopa mnzake amudikire. Ena amaseka, amati pa tsikulo aliyense amadziwombola yekha. Pa tsikulo n'zoona. Koma akakalowa adzakamva funso lomwe ndinamva ine.

Mtendere wa ku Mozambique unasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, ine ndili kale kumudzi. Mwendo sanaudule, ngakhale ndimatsimphina ndipo nyengo yozizira umandisautsa. Mnzanga uja anapitiriza ntchito mpaka kupuma, pano akulima fodya kwawo. Mwana wanga woyamba ndinamupatsa dzina lake, ndipo akuluakulu a kumzikiti atafunsa za dzina lachitumbuka pa mwana wachiyao, ndinawaonetsa ntchafu, iwo n'kuvomera.