Kwa mphwanga wofufuza ku London

Mphwanga,

Amayi akuuza aliyense kuti walowa ntchito kubanki. Ine ndamva kuti ndi kampani yochulukitsa ndalama za anthu, ndipo iwe uzifufuza amene akufuna kupatsidwa ndalamazo. Ndanyadira kwabasi. Unafunsa kumene ntchitoyi inachokera, ndiye tamvera.

Kale makampani otere sankasunga munthu ngati iwe pakhomo. Akakayikira wina ankaitana ofufuza apadera, monga kampani imene Jules Kroll anatsegula ku New York mu 1972. Kawirikawiri sankavutika n'komwe. Munthu akadziwana ndi akuluakulu, ndalama zinkangopita. Anawagalamutsa ndi Bernie Madoff. Mu Disembala 2008 zinaululika kuti madola pafupifupi 65 biliyoni olembedwa pamapepala a makasitomala ake kunalibe. Taganiza, mabuku a chikampani chonsecho ankawerengedwa m'kaofesi kakang'ono ku New City, momwe akauntanti wogwira ntchito anali mmodzi yekha. Alangizi a zachuma a kampani ya Aksia anatuma munthu kukaona kaofesiko, n'kuuza makasitomala awo kuti asayandikireko. Ambiri anangokhutira ndi mapepala. Katswiri wina wa zachuma, Harry Markopolos, anayamba kuchenjeza boma za Madoff mu 2000, koma sanamumvere. Zaka zotsatira, eni ndalama anayamba kuumirira kuti wofufuza azikhala wam'nyumba momwemo, ndipo mpando wakowo unakula choncho.

Usaganize kuti kwathu ndiwe woyamba. Malume aakulu, iwe usanabadwe, anali kalaliki wa malipiro pa esiteti ina ya tiyi. Anapeza mayina a anthu oti anaikidwa m'manda kalekale akulandirabe ndalama mwezi ndi mwezi, chala chodinda chili chimodzimodzi pamzere wonse. Atakanena, anawasamutsa kukawerenga matumba a feteleza mpaka anapuma ntchito. Kapitawo amene ankadya ndalamazo anamanga nyumba yamalata. Azakhali mpaka lero sapatsana moni ndi banja limenelo.

Za malumezi ndi zimene zikundidetsa nkhawa ndi iwe. Amene akukulipira ndi omwewo akufunitsitsa kuti malonda atheke, ndipo tsiku lina lipoti lako lidzawaimitsira phindu. Kufufuza nthawi yaitali pakokha sikupulumutsa: kampani ya Temasek ya ku Singapore inati inafufuza kampani ya FTX kwa miyezi isanu ndi itatu, koma mu 2022 inataya madola 275 miliyoni.

Choncho nyamuka ukaone ndi maso ako ofesi yolembedwa pakalata ya kampani imene ukuifufuza. Cheza ndi amene anasiya ntchito kumeneko, makamaka a kumaakaunti, ndipo uwafunse chinawachotsa. Za ndalama zili kubanki funsa banki yeniyeniyo, pa nambala yopeza wekha. Kampani ya Wirecard inagwa mu 2020 mabanki a ku Philippines atanena kuti mayuro 1.9 biliyoni amene inkati ali kwa iwo sanawasungepo. Osanamizira dzina pofunsa anthu, lamulo lingakutembenukire. Chilichonse wapeza uchilembe, uike deti, osati kungonong'oneza bwana m'khonde monga anachitira malume.

Ukamayankha undiuze: lipoti lako limathera pa desiki la amene akukankha malondawo, kapena limafika kukomiti?

Ine mkulu wako.