Mtengo umamva msanga kuposa ife

Chaka chatha msuweni wanga ananditumizira uthenga pa WhatsApp usiku: "Aise, gula masheya a kampani ija mawa lomwe. Ndamva kuti yapanga phindu lalikulu, koma anthu sanadziwe." Nthawi imeneyo n'kuti ndikusunga ndalama za amayi zogulira malata. Kunena zoona, mtima unandikoka.

Kutacha ndinayang'ana mitengo ya pa Malawi Stock Exchange. Masheyawo anali atayamba kale kukwera masabata awiri m'mbuyomo. Apa ndinakumbukira nkhani ina yomwe tinaphunzira ku yunivesite.

Pa 28 Januwale 1986, chombo cha m'mlengalenga cha ku America chotchedwa Challenger chinaphulika patangotha masekondi 73 chinyamukireni, ndipo anthu 7 anafa. Makampani akuluakulu anayi ndiwo anagwira nawo ntchito ya chombocho. Pofika madzulo a tsikulo, masheya a Lockheed, Rockwell ndi Martin Marietta anatsika ndi 2 kapena 3 peresenti, pomwe a Morton Thiokol anagwa ndi pafupifupi 12 peresenti. Lipoti la komiti yofufuza ngoziyo linatuluka mu Juni, ndipo linaloza mphira zotsekera mipata pa maroketi omwe Thiokol inapanga.

Nanga msika unadziwa bwanji pomwe palibe analengeza? Wodziwa kanthu pamsika salalikira, amangogula kapena kugulitsa. Wina akudziwa za maroketi, wina za makontrakiti, wina akungoona momwe anzake akugulitsira mwaphuma. Aliyense akaika ndalama pa kachidutswa kake, mtengo umasonkhanitsa zonsezo kukhala nambala imodzi. Sikuti sulakwitsa, koma sudikira lipoti.

Ndinazindikira kuti nkhani ya msuweni wanga inali ndi mbali ziwiri, zonse zoipa. Ngati inali chinsinsi chenicheni cha m'kati mwa kampani, kugula masheya pogwiritsa ntchito chinsinsicho ndi mlandu. Ngati inali mphekesera chabe, ndiye kuti ambiri anaimva ine ndisanaimve, ndipo ndikanalipira mtengo womwe iwo anakweza kale.

Nditawafotokozera amayi, anaseka. "Iwe, za kusukulu zimenezo? Mavenda akayamba kukweza chimanga mvula isanathe, amakhala ataona kale minda kumudzi. Wailesi imanena pambuyo."

Masheya aja anakwerabe pang'ono, ndipo msuweni wanga amandinenabe kuti ndine wamantha. Koma malata 24 tinagula, ndipo dzinja lino amayi sanatchere beseni pakati pa nyumba.