Kabowo kamene kanatsala pang'ono kundichititsa manyazi pa chinkhoswe

Achemwali anga atalengeza tsiku la chinkhoswe pa gulu la WhatsApp la banja lathu, aliyense anadzisankhira ntchito. Azakhali anatenga za mpunga ndi nkhuku, msuweni wanga za mipando. Ine, pofuna kuonetsa kuti nanenso ndakula, ndinalemba kuti: "Za nyimbo musadandaule, ndikonza ndine." Ndalama yolipira DJ ndinalibe. Ndinali ndi ampulifaya yakale, masipika awiri ang'onoang'ono, komanso sipika ya besi ya mainchesi 12 yomwe ndinagula kwa mnzanga, yopanda bokosi.

Ndinkayesa bokosi ndi chokongoletsa chabe. Koma nditalumikiza sipika ija ili pa tebulo, besi kunalibe. Inkangomveka ngati mwana akumenya katoni. Nditawerenga ndinamvetsa chifukwa chake. Khoni, pepala lolimba lija looneka ngati chipewa, ikamakankha mpweya kutsogolo imakhala ikukokanso wakumbuyo. Pa mawu otsika kwambiri, cha pansi pa 100 Hz, mpweya wakutsogolo umangozungulira m'mphepete n'kukadzaza kumbuyo, ndiye mafunde awiriwo amafafanizana. Bokosi limalekanitsa mbali ziwirizi.

Ndinasankha bokosi lotsekeratu, lopanda paipi yotulutsira mpweya, poti silivuta kuwerengetsa. Mpweya wotsekeredwa mkati umagwira khoni ngati sipuling'i, n'kuibwezera pamalo pake. Njirayi inatchuka ndi Edgar Villchur wa ku America, yemwe kampani yake ya Acoustic Research inatulutsa sipika ya AR-1 mu 1954. Kapepala ka sipika yanga kanati ikufuna malita pafupifupi 35. Ndinalemba masentimita 40, 35 ndi 28. Mukachulukitsa mupeza malita 39, ndipo mukachotsa malo a sipika ndi thabwa lolimbitsira mkati, mufika pamenepo.

Lachiwiri ndinakwera minibasi kupita ku Ndirande kwa amalume, omwe akhala kalipentala kuyambira ine ndisanabadwe. Ndinawapatsa pepala lija monyadira, digiri yanga ikundiyabwa. Iwo analiyang'ana kwa kanthawi.

"Mphwanga, manambalawa ndi amkati kapena akunja?"

Ndinasowa choyankha. Thabwa la MDF lomwe tinagula linali lokhuthala mamilimita 18, kutanthauza kuti mbali iliyonse imadya masentimita 3.6. Akanadula potengera kunja, mkati mukanatsala malita 28 okha. Malita 11 akanapita chifukwa cha funso lomwe sindinadzifunse.

Tsiku lonselo ndinali wophunzira. Anandimangitsa kansalu pamphuno chifukwa fumbi la MDF ndi losalala kwambiri ndipo limalowa m'chifuwa. Anandiletsa kulowetsa sikuluwu ndisanaboole kaye kabowo, poti MDF imang'ambika m'mphepete. "Chogwira bokosi ndi guluu," anatero. "Masikuluwu amangopanikiza podikira kuti guluuyo aume." Pakati anaika thabwa lolumikiza makoma awiri aakulu kuti asamanjenjemere nyimbo ikakwera. Potsanzikana anandiuza kuti ndikamate silikoni m'makona onse amkati, ndisasiye ngakhale polowa singano.

"Ndamva, amalume," ndinatero, maganizo ali kale pa nyimbo zoti ndidzaike.

Lachitatu ndinamata silikoni mothamanga, foni ili kudzanja lina. Kumbuyo ndinaboola bowo la mawaya, ndinawalowetsa, basi. Lachinayi madzulo ndinamanga sipika n'kuyatsa. Besi inabwera ndithu, koma nthawi iliyonse ng'oma ikagunda pankamveka kamluzu, fyuu, fyuu, ngati tayala lomwe likuphwa. Ndikakweza, khoni inkavina mopyola muyeso. Mtima unagunda. Ndinaganiza kuti sipika yapsa, ndalama zomwe ndinasunga miyezi iwiri zapita, ndipo Loweruka akuchimuna adzatipeza tikuimba nyimbo pa foni.

Ndinaimbira amalume. Anali pa zokambirana za unkhoswe, koma anatuluka panja.

"Zimitsa kaye. Tambasula zala, ukankhe khoniyo pang'onopang'ono, kenako usiye. Ikubwerera bwanji?"

"Nthawi yomweyo, amalume, ndipo siikulimba n'komwe."

"Ndiye kuti bokosi lako likupuma. Yatsa kandulo."

Ndinaika nyimbo ya besi yambiri n'kuyendetsa kandulo m'mbali mwa bokosi, mosamala kuti ndisawotche kanthu. M'makona lawi linali phee. Nditafika pa bowo la mawaya, linayamba kuvina motsatira ng'oma. Linagwedezekanso m'mphepete mwa sipika, pomwe chitsulo chimakhudza thabwa. Mpata womwe chala chaching'ono sichikanalowa ndi umene unkawononga ntchito ya masiku atatu. Mpweya ukamathawa, sipuling'i ija imafooka, khoni imasowa choigwira, ndipo mpweya wodutsa pakabowo ndi umene umaimba mluzu.

Usiku womwewo ndinamasula sipika, ndinadzaza silikoni pa bowo lija mkati ndi kunja, n'kumata kasiponji kopyapyala kuzungulira pokhala sipika. Chovuta chinali kudikira. Silikoni wamba akamauma amatulutsa fungo ngati la viniga, ndipo nthunzi imeneyo si yabwino kuitsekera m'bokosi limodzi ndi sipika. Amafuna maola osachepera 24. Lachisanu lonse bokosi linakhala pakhonde lili yasa, achemwali akundifunsa mobwerezabwereza ngati zinthu zili bwino. Ndinkangoti, "Zili bho, achemwali," m'mimba mukutentha.

Loweruka m'bandakucha ndinamanganso sipika. Masikuluwu ndinawalimbitsa moyang'anizana, uyu kenako wa tsidya linalo, dzanja lina litatchinga khoni kuopa kuti sikuludiraiva ingaterereke n'kuiboola. Nditakankha khoni, inalimba, ndipo inabwerera mwaulemu. Lawi la kandulo silinagwedezeke paliponse.

Nthawi ya perekaniperekani itakwana, besi inkamveka m'chifuwa. Azakhali anavina mpaka duku linagwa. Amalume, atavala jekete lawo la unkhoswe, anadutsa pomwe ndinakhala, anawerama, n'kuika chikhatho kumbuyo kwa bokosi pa malo a mawaya paja. Anadikira ng'oma igunde kangapo. Kenako anadzuka, anandigwira paphewa, n'kubwerera kumpando wawo osanena kanthu.

Bokosilo lili kuchipinda kwanga. Ndinalipaka penti chifukwa MDF ikanyowa imafufuma, ndipo nyengo ya mvula sindiliika pansi penipeni. Anzanga awiri andipempha kale kuti ndiwapangire awo. Ndawauza kuti agule matabwa, guluu, silikoni ndi kandulo imodzi, ndipo asankhe sabata yomwe kwawo kulibe mwambo uliwonse. Kodula matabwa tikapita limodzi ku Ndirande, pepala la manambala tikalipereke kaye kwa amalume.