Mpweya wa m'chiwongolero suchoka ndi phuma

Galimoto ikamalira mokwiya nthawi iliyonse dalaivala akakhota, ambiri amathamangira kunena kuti pampu yatha. Ine amene ndimakonza magalimoto kuno ku Phalombe ndimati tiyambe tatsegula kabotolo ka mafuta a chiwongolero. Mukapeza mafuta ofiira aja atatuwa, ali ndi thovu ngati thobwa losasa, vuto ndi mpweya, ndipo mwina pampu idakali bwino. Chiwongolero cha ma Hiace ndi ma Hilux akale chimapepuka chifukwa pampu imakankha mafuta mwamphamvu kupita ku raki kapena ku bokosi la chiwongolero. Mafuta safinyika, pomwe mpweya umafinyika, ndiye ukalowamo mphamvu ya pampu imathera pa thovu. Chiwongolero chimayamba kulimba mwa apo ndi apo, ndipo pampu, imene imadalira mafuta omwewo kuti zitsulo zake zisakhulane, imadyeka mkati.

Mfundo yanga ndi yakuti mpweyawu umachotsedwa injini ili yozima, ndipo ntchito siinathe ngati simunapeze pamene ukulowera. Kwezani matayala akutsogolo pa jeki, dzazani kabotolo mpaka pa mzere, kenako pindani chiwongolero pang'onopang'ono kumanzere mpaka chigunde, kumanjanso chimodzimodzi, maulendo ngati 20. Mnzanu aziyang'ana m'kabotolo timathovu tikutuluka, aziwonjezera mafuta asanatsike kwambiri, chifukwa kabotolo kakauma pampu imeza mpweya wina. Thovu likachuluka, isiyeni galimoto ipume kaye. Likatha m'pamene mulize injini n'kubwereza, osagwira chiwongolero pamene chagunda kupitirira masekondi ochepa. Alipo anzanga amene amati kuponda moto injini ikulira n'kwachangu. Kufulumira kumafulumiradi, koma pampu ikamazungulira imaswa mpweya waukulu kukhala timathovu tosaoneka bwino timene timatenga maola kuti tiyandame, ndipo nthawi yonseyo pampu ikugwira ntchito ili ndi ludzu.

Eni minibasi nawo ali ndi yawo: amati mpweya umatuluka wokha galimoto ikamayenda, ndipo tsiku la msika ku Migowi kapena ku Chiringa sangayimitse galimoto chifukwa cha kaphokoso. Sindiwatsutsa kotheratu. Ngati mpweya unalowa posintha paipi ndipo zonse zamangidwa bwino, wotsala pang'ono umatulukadi. Koma galimoto imene palibe anaigwira, n'kuyamba yokha thovu, ili ndi polowera. Kawirikawiri ndi paipi yochokera ku kabotolo kupita ku pampu, kapena kamphira kozungulira ka pakamwa pa pampu. Mbali imeneyi imayamwa, siikankha, ndiye imatha kukoka mpweya osadontha ngakhale dontho limodzi pansi, n'chifukwa chake anthu amaiphonya. Kuno mukangosiya tala wa Zomba-Jali-Phalombe-Chitakale n'kulowera cha ku Nambazo kapena kunyanja ya Chilwa, mabampu amamasula zomangira mapaipi, kutentha kumaumitsa mphira mpaka kung'aluka. Paipi yotere mukaifinya ndi zala imakhala gwa, ndipo pakamwa pake pamaoneka timing'alu todzaza fumbi lonyowa. Kamphira ndi chomangira n'zotsika mtengo. Pampu ikafa muyenera kukaisaka ku Limbe, galimoto ili pa mawe nyengo ya nandolo ikudutsa.

Chimene chimandiwawa kwambiri ndi kuthira chilichonse chopezeka pafupi. Ma Toyota ambiri akalewa amafuna mafuta otchedwa ATF, ndipo kawirikawiri pachivindikiro pamalembedwa. Mafuta a mabuleki amatupitsa timphira tonse ta mkati, ndiye pofuna kuletsa phokoso mwatsegulira mpweya makomo atsopano. Achinyamata amene akuphunzira ntchitoyi adziwenso kuti ma Sienta ndi ma Passo ambiri amene adzaza m'misewumu ali ndi chiwongolero cha magetsi. Mulibe kabotolo, mulibe mpweya wochotsa, ndipo chikalimba muyambe mwayeza batire ndi mafyuzi.