Sing'anga wa Magitala

Woimba akamaliza nyimbo timamuombera m'manja, koma munthu amene adakunga nsambo zija palibe amamutchula. Ine ndimagwira ntchito m'boma, gitala ndimangoimba madzulo pakhonde ndi Lamulungu kutchalitchi. Komabe zaka zimene ndakhala nayo zandiphunzitsa kuti kukoma kwa mawu a gitala, theka ndi kwa woimba, theka linalo ndi kwa mmisiri woikonza.

Gitala ndi mtengo, ndipo mtengo susiya kupuma ngakhale udadulidwa kalekale. Mvula ikayamba thabwa limamwa chinyezi n'kufufuma. Dzuwa la mu Okutobala likafika limauma n'kufota. Kuwonjezera apo, nsambo 6 zachitsulo zimakoka khosi usana ndi usiku ndi mphamvu ya makilogalamu pafupifupi 70. Pang'onopang'ono khosi limapindika ngati uta, nsambo zimatalikira thabwa, zala zimayamba kupweteka, mwini wake n'kungoti, "Gitala iyi yatha basi."

Mmisiri amene amandikonzera ine ndi bambo wachikulire amene kale ankaimba besi m'bandi. Mukamupatsa gitala sathamangira kuiimba. Amaiika paphewa, n'kutsinzina diso limodzi, kuyang'ana khosi monga achitira kalipentala pofuna kuona ngati thabwa lawongoka. M'kati mwa khosilo muli chitsulo chachitali chimene chimalimbana ndi mphamvu ya nsambo. Amachipotokola pang'ono chabe, n'kuisiya gitalayo ipume, chifukwa wochita phuma amathyola khosi. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Akatero amayeza mpata wa pakati pa nsambo ndi kamzere kachitsulo ka nambala 12, kuti ukhale mamilimita awiri kapena atatu. Kenaka amaliza nsambo osaigwira, n'kuilizanso ataidinikiza pa 12 pomwepo. Mawu awiriwa ayenera kukhala amodzi, ena pansi ena pamwamba. Akasemphana, ndiye kuti kamtanda kamene nsambo zimatsamirapo kafunika kukonzedwa. Nsambo 4 za besi, zonenepa ndi zokwera mtengo zija, nthawi zina amaziwiritsa m'madzi kuti litsiro lituluke, zilireko masabata ena.

"Achimwene," adandiuza tsiku lina, "thukuta ndi mchere. Mukatha kuimba muzipukuta nsambo ndi kansalu kouma. Dzimbiri limalowera m'zala zanuzo."

Luso limeneli si lachilendo kwathu kuno. Anyamata a m'midzi akhala akusema okha mabanjo ndi magitala, bokosi lake chigubu cha mafuta, nsambo zake waya wa mabuleki a njinga. Pamene Gerhard Kubik adakumana ndi Daniel ndi Donald Kachamba mu Blantyre m'chaka cha 1967, besi ya nyimbo zawo idali ya nsambo imodzi yokha. A Madalitso Band adafika mpaka ku Ulaya ndi babatoni yopanga okha. Woimba wotere akadula nsambo sadikira munthu. Chida adachipanga yekha, matenda ake amawadziwa.

Chimene chimandiwawa n'chakuti takhala anthu olandira ndi kutaya. Lowani m'zipinda zosungiramo katundu m'matchalitchi ndi m'sukulu zathu: mupeza magitala a mphatso atatsamira khoma, fumbi lokhalokha, ena akungosowa nsambo imodzi. Mwana akatenga gitala yopindika khosi, zala zimachita matuza, amaisiya n'kukula akuganiza kuti alibe luso. Oimba angati tawataya chonchi?

Mmisiri wanga uja maso ayamba kuchita chidima, ndipo alibe womuphunzira ntchito. Akuti achinyamata akufuna kiyibodi ndi kompyuta. Magitala atatu a kutchalitchi kwathu ndayamba kupita nawo kwa iye, imodzi pakutha pa mwezi uliwonse, malipiro akalowa. Loweruka lililonse ndimatumizakonso mphwanga kuti azikamugwirira nyali ndi kumupatsira zitsulo. Sabata yatha mnyamatayu wakunga yekha nsambo zonse 6, osadula ndi imodzi yomwe.