Chekeni, Pikoko ndi Maso a Ana Athu

Pa zithunzi zonse zimene timagawira ana kuti azipaka chekeni pamene amayi awo akumvetsera maphunziro a zaumoyo, cha pikoko ndicho chimayamba kutha. Ambiri mwa anawo mbalameyi sanaionepo. Kwawo ndi ku India ndi ku Sri Lanka, ndipo ku India anaisankha kukhala mbalame ya dziko lawo m'chaka cha 1963. Tikawauza kuti ndi mbale wake wa nkhuku, kuti imatola mbewu ndi tizilombo pansi, usiku n'kukagona mumtengo, amaseka, ati tikuwanamiza.

Ya nthenga zazitali ija ndi yaimuna. Yaikazi ndi yotuwa, kungoti khosi lake ndi lobiriwirako. Komanso chimene tonse timachitcha chipsepse si chipsepse ayi. Ndi nthenga zomera kumsana, zimene zimatha kutalika mita imodzi ndi theka, ndipo zimathothoka chaka ndi chaka nyengo yoswana ikatha. Chipsepse chenicheni ndi chachifupi, chimabisala kumbuyo, ntchito yake ndi kuchirikiza nthengazo pamene tambala wa pikoko wazitambasula pofuna kukopa thadzi.

Ife a zaumoyo chimene timakondera chithunzichi ndi timaso tija ta kumapeto kwa nthenga iliyonse. Pakati pamakhala buluu wodera, kenako mizere yozungulira ya bulawuni ndi yobiriwira, yogundanagundana. Timaika chithunzi chopakapaka kutsogolo kuti ana aziona, ife n'kumayenda pakati pawo mwakachetechete, osakonza kanthu.

Apa ndiye pamaoneka zambiri. Pali mwana amene amayandikizitsa pepala mpaka kukhudza mphuno, kapena kutsinzinira akamayang'ana chithunzi cha kutsogolo chija. Wotereyu timapempha makolo ake kuti akamupimitse maso kuchipatala, chifukwa nthawi zambiri magalasi amathandiza. Pali winanso, kawirikawiri mnyamata, amene amapaka mwaukhondo, osadumpha mzere, koma pofunika chekeni chobiriwira amatenga cha bulawuni kapena chofiira, ndipo ukamufunsa saona kusiyana kwake. Vuto losasiyanitsa mitundu limeneli munthu amabadwa nalo, limayenda m'magazi, ndipo limagwira amuna ambiri kuposa akazi. Silipweteka, silikulanso. Choipa chake n'chakuti kusukulu mwana wotere amatchedwa wosasamala kapena wamwano, mwina n'kulandira chilango, pamene iye akuchita ndendende zimene maso ake akumuuza. Zimenezi zimatiwawa.

Chithunzi cha pikoko sichipima matenda. Mwana wa zaka 3 amasakaniza mitundu chifukwa sanadziwe mayina ake, ndipo wina amapaka pikoko wofiira dala poti ndi mtundu umene amaukonda. Ameneyo musiyeni, pepala ndi lake. Koma ngati mwana wa zaka 6 kapena 7 akusokoneza mitundu yomweyomweyo tsiku ndi tsiku, kamupimitseni. Mankhwala ochiza palibe, komabe aphunzitsi akadziwa amasiya kumukalipira, ndipo kunyumba mungathe kulemba dzina la mtundu pa chekeni chilichonse.

Ngati mulibe chithunzi chosindikiza, ikani dzanja la mwanayo pa pepala atatambasula zala, mulembe mozungulira. Chala chachikulu chikhala khosi ndi mutu, zinayi zotsalazo ndi nthenga. Kunsonga ya chilichonse jambulani timizere titatu tozungulira, mumupatse chekeni cha buluu, chobiriwira ndi cha bulawuni, inu mukhale pambali pake.