Tinakaona Nyenyezi Yothothoka ku Mbozi

Tili ana, tikaona kuwala kukudutsa kumwamba usiku, tinkafuula kuti, "Nyenyezi yathothoka!" Koma palibe mmodzi wa ife anafunsapo kumene nyenyeziyo imakagwera. Tsono titamva kuti kwa anansi athu a ku Tanzania kuli imodzi imene munthu angathe kuigwira ndi manja, tinamanga ulendo.

Tinanyamuka ku Karonga m'mamawa, tinaoloka mtsinje wa Songwe, ndipo tinakwera mapiri a Tukuyu pakati pa minda ya tiyi ndi nthochi kufikira ku Mbeya. Kuchokera pamenepo tinatsata msewu wa ku Tunduma, kenaka tinakhota kulowa m'midzi ya Anyiha, alimi a khofi. Uko ndiko ku Mbozi.

Chimene tinapeza ndi chimwala chakuda, chotalika mamita 3, msinkhu wake mita imodzi, chokhala pa chiunda chomangidwa ndi miyala. Eni dziko amachitcha Kimondo. Titachigogoda chinalira ngati khasu, pakuti ndi chitsulo chokhachokha. Akatswiri amati chimalemera matani 16. Makolo a kumeneko anachidziwa kuyambira kalekale, koma asayansi anamva za icho m'chaka cha 1930. Pa nthawiyo chinali chokwiririka mbali ina, ndipo anthu anakumba dothi mozungulira kuti chionekere chonse.

Kunena zoona, chimenechi si nyenyezi ayi. Pakati pa maiko a Mars ndi Jupiter pali miyala yambirimbiri yoyenda mozungulira dzuwa. Ina ikasochera n'kulowa mu mpweya wa dziko lathu, imayaka chifukwa cha liwiro lake. Yaing'ono imapsereratu m'mwamba, ndiko kuwala kuja tinkakuona. Yaikulu imafika pansi.

Wotiperekeza anatisonyeza zipsera zosalala m'mbali mwa chimwalacho, pamene anthu anacheka tizidutswa. Pa tizidutswa totere ndi pamene ntchito ya asayansi imayambira. Amatipukuta mpaka kunyezimira ngati kalilole, n'kuthirapo asidi. Pamenepo pamatuluka mizere yopingasana ngati maluko a mphasa. Mizereyi imatchedwa dzina la Alois von Widmanstätten, amene anaiona ku Vienna m'chaka cha 1808. Imapangika pamene mitundu iwiri ya chitsulo chosakanizika ndi nickel, kamacite ndi taenite, ilekana pang'onopang'ono chitsulocho chikamazizira kwa zaka mamiliyoni. Palibe ng'anjo ya munthu ingathe kudikira nthawi yotere, kotero mizereyi ndi umboni wakuti chitsulo chachokera kumwamba. Poyesa mizereyo, akatswiri amadziwa liwiro limene chinazizirira, ndiponso kukula kwa chimwala chimene chinaswekako.

Pambuyo pake amawerenga zimene zili m'kati. Mwa magawo 100 a Kimondo, pafupifupi 90 ndi chitsulo ndipo pafupifupi 9 ndi nickel. Mulinso gallium, germanium ndi iridium pang'ono zedi, ndipo pang'ono pameneponso ndi pofunika, pakuti ndi zimenezi asayansi amagawa miyala yachitsulo m'mabanja monga ife tidziwana ndi mfunda. Kimondo sichilowa m'banja lililonse lodziwika. Ndi mlendo wopanda mbale, ndipo n'chifukwa chake chili chosowa.

Tili chiimire pamenepo, tinakumbukira mbiri ya mwala wina wotere wa ku El Ali, m'dziko la Somalia, wolemera matani 15. Abusa a ngamila ankanolerapo mipeni yao kwa mibadwo. Kachidutswa kake ka magalamu 70 kanapita ku University of Alberta, ku Canada. Kumeneko anakayesa ndi makina owombera ma electron pa malo ochepa kuposa tsitsi, ndi kuwerenga kuwala kobwerako. M'chaka cha 2022 analengeza kuti apezamo mitundu iwiri ya miyala imene inali isanapezekepo m'chilengedwe, koma yopangidwa ndi anthu m'nyumba zoyesera basi. Yonse iwiri ndi ya chitsulo, phosphorus ndi oxygen. Wina anautcha elaliite, pokumbukira mudziwo. Wina elkinstantonite, polemekeza mayi Lindy Elkins-Tanton, amene anatsogolera ntchito yotumiza chombo cha Psyche mu 2023 kukaona chimwala chachitsulo m'mlengalenga.

Koma mbiriyi ili ndi chisoni chake. Mwala wa ku El Ali unanyamulidwa m'chaka cha 2020, ndipo zinamveka kuti unatumizidwa ku China kukafuna wogula. Dzina la mudzi lalowa m'mabuku, koma ana a m'mudzimo atsala ndi malo opanda kanthu.

Ku Mbozi sizinatero. Boma la Tanzania linaika Kimondo m'gulu la zinthu zotetezedwa m'chaka cha 1967, ndipo munthu saloledwanso kuchekapo mwachisawawa. Asayansi anakhuta ndi tizidutswa tochepa, chimwala chinatsala kwao.

Inu makolo, ulendowu ndi wa tsiku limodzi kuchokera ku Karonga. Mwana amene wagwira chitsulo chozizirachi ndi dzanja lake sadzayang'ananso kumwamba monga kale. Ife tinabwerera dzuwa litapendeka, ndipo usiku umenewo ku Mbeya tinakhala panja nthawi yaitali, maso ali kumwamba.